Mapazi pa Zenera la Woimba

1. Chaka cha kutopa

Chaka chimene ndege za adani zinaponya mabomba ku Kavalamanja, anthu ambiri a m'mbali mwa Zambezi anasiya madimba ndi maukonde awo n'kuthawira kumtunda. Banja la Eneless linamanga msasa wa udzu pafupi ndi msewu wa ku Katondwe, pansi pa mitengo ya masau. Atate ake anabwerera kumtsinje kukatenga bwato, ndipo miyezi isanu ndi iwiri inatha osaoneka.

Anthu anali otopa. Anatopa kukumba maenje obisalamo. Anatopa kuzimitsa moto dzuwa likangolowa. Anatopa kuyenda maso ali pansi poopa mabomba okwirira. Ngakhale nyimbo za pa Misa ankaziimba mokoka, ngati anthu amene asenza nkhuni pokwera phiri.

Eneless anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo mayeso omaliza a pulayimale anali pafupi. Koma ntchito yake yaikulu pakhomo inali kuyang'anira mlongo wake wamkulu, Dismas.

Dismas anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sankayang'ana munthu m'maso. Ukamufunsa funso, kawirikawiri ankabwereza funso lakolo m'malo moyankha. Phokoso ladzidzidzi linkamupweteka ngati moto: ankatseka makutu n'kumagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo mpaka litatha. Masiku ano madokotala amati vuto lotere ndi otizimu. Masiku amenewo ena ankati ndi misala, ena ankati analodzedwa. Sisitere wina wa kuchipatala ndi amene anauza amai ake, a Edna, kuti, "Si misala iyi. Mwanayu amamva dziko mwa njira yake. Mulungu sanalakwitse pomuumba."

Dismas sanamenyepo ngakhale nkhuku. Madzi ankatunga. Nkhuni ankadula zofanana kutalika ngati wachita kuyeza. Ntchito ikatha ankakhala pamthunzi, atavula nsapato, n'kumasanja njere za masau m'mizere yowongoka.

2. Chitini cha Eneless

M'masiku amenewo chinthu chimodzi chokha chinkachotsa anthu tsinya: wayilesi ya a Jorge, mwini sitolo ya pamsewu. Dzuwa likapendeka ankaiika pakhonde. Mukangomveka mawu a Langford Kamzati, woimba wotchuka wa ku Lusaka, atsikana ankatula mitsuko n'kuima.

Eneless anali ndi chithunzi cha woimbayo. Anachidula m'nyuzipepala imene anakulungiramo sopo, n'kuchibisa m'buku lake la nyimbo za kutchalitchi. Pachithunzipo Langford ankamwetulira, atamanga kansalu m'khosi. Pa Misa ena akamayang'ana kuguwa, Eneless ankayang'ana tsamba limenelo.

Ndiye tsiku lina Langford mwiniwake anatsika m'lole, gitala ili kumsana, kansalu kofiira kali m'khosi. Anabwera ndi mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kudzaimbira anthu othawa nkhondo. Anayenera kukhala masiku awiri. Koma bomba linaphulika pamsewu, magalimoto analetsedwa kuyenda, ndipo woimbayo anatsala m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ya a Jorge milungu itatu.

Eneless anayamba ndi kungodutsa. Popita kuchitsime ankasiya njira yachidule n'kuzungulira kusitolo. Kenako anayamba kuima kuseri kwa mlambe woyang'anizana ndi chipindacho. Anadziwa nthawi imene Langford ankadzuka. Anadziwa pamene ankayanika zovala. Anadziwanso kuti dzuwa likafika pamutu ankagona, zenera lili chitsegulire.

Mwezi wa Okutobala mchenga wa kumeneko umawotcha ngati chiwaya. Eneless anali ndi nsapato za kusukulu zokha, ndipo akangoweruka amai ankazisunga. Choncho masana ankatenga nsapato za matayala za Dismas, mwini wake ali kalikiliki ndi njere zake.

Tsiku loyamba kufika pazenera anatola chipeso. Tsiku lina anatola waya wa gitala woduka. Tsiku lina anachotsa mpango pachingwe choyanikira. Zonsezi ankaziika m'chitini cha mkaka n'kukwirira kuseri kwa msasa.

Sanauze munthu. Ngakhale atapita kukalapa, anaulula zoyankha amai mwamwano, za chitini osatchula.

3. Kanema wa masana

A Jorge anali ndi makina oonetsera kanema. Popeza kuyatsa nyale kukada kunali koletsedwa, ankaonetsa masana, m'nyumba yosungiramo katundu, mazenera atatsekedwa ndi masaka. Mkatimo munkatentha ngati mu uvuni, koma anthu ankadzaza.

Makanemawo anali a Chizungu, ndipo ambiri sankamva. Choncho panali womasulira, Everisto, mwamuna wa pakamwa pothamanga amene kale ankagwira ntchito m'hotela ku Kitwe. Ankaima pambali pa nsalu yoyera, ndodo ili m'manja. Chizungu chake chinali chong'ambika, koma pamene sanamve ankasoka yekha. Anali ndi chizolowezi chimene anthu ankachikonda kwambiri: anthu a m'kanema ankawapatsa mayina a anthu a pamisasa. Mzungu wonenepa ankakhala a Jorge. Mkazi waukali ankakhala akazi a a Jorge.

Loweruka limenelo kanema anali woopsa. Munali mkazi woimba wotchuka, ndi mnyamata wina wokhala yekha amene anamata zithunzi za mkaziyo khoma lonse. Mnyamatayo sankayang'ana anthu m'maso. Belu litalira, anatseka makutu n'kuyamba kugwedezeka.

Everisto analoza ndi ndodo.

"Aha! Taonani amene wabwera! A Dismas athu afika ku Ulaya!"

Anthu onse anafa nalo phwete.

"Manje a Dismas akuti, 'Mkazi uyu ndi wanga, sadziwa chabe.' Taonani, a Dismas ali pazenera. Amai inu, khomani chitseko! A Dismas sagogoda!"

"Iwe Everisto, akambadi choncho mzunguyo?" anafunsa msodzi wina kumbuyo.

"Ngati udziwa Chizungu bwera udzaime pano, undipatse mpando ndipumeko!"

Anthu anasekanso. Nayenso Eneless anaseka, poopa kuti akapanda kuseka amuyang'ana.

Koma kanema atapita patsogolo, kuseka kunachepa. Mnyamata uja ankatsata woimbayo kulikonse. Ankatola zinthu zake n'kumazinunkhiza. Pomaliza analowa m'chipinda chake atanyamula mpeni, ndipo apolisi anamuwombera pamasitepe. Everisto anamutchabe Dismas mpaka anagwa.

Masaka atachotsedwa, anthu anatuluka akupukuta thukuta. Panjapo anapeza Dismas weniweni atakhala pafupi ndi injini ya magetsi. Ankakonda kulira kwake kosasinthasintha, ndipo Loweruka lililonse ankakhala pamenepo. Kale palibe amene ankalabadira. Tsiku limenelo azimai ena anakoka ana awo n'kudutsa patali.

Langford nayenso anaonera kanemayo, ali chiimire pakhomo. Potuluka anayang'ana Dismas nthawi yaitali. Kenako anauza a Jorge motsitsa mawu kuti, "Zinthu zanga zikumasowa m'chipinda muja."

Eneless anamva mawu amenewo. Anaweramitsa mutu, n'kugwira mlongo wake malaya kuti azipita kwawo.

4. Lezala ndi chingwe

Lolemba kunamveka kuti msewu aukonza, ndipo magalimoto adzadutsa Lachisanu kubwerera ku Lusaka. Tsiku limenelo Eneless sanadye. Chipeso ndi waya sizinamukwane. Ankafuna kachidutswa ka kansalu kofiira kaja.

Lachiwiri masana anavala nsapato za Dismas, n'kutenga lezala lake losongolera pensulo. Chitseko cha chipinda chinali chongotseka, chosakhoma. Langford anali m'tulo, kansalu kali m'khosi. Eneless anagwada pambali pa bedi, anagwira nsonga ya kansaluko n'kuicheka.

Langford anatsokomola n'kutembenuka. Eneless anataya lezala pamtsamiro n'kuthawa.

Asanadutse mlambe anamva kukuwa. "Andipha! Munthu m'chipinda! Andipha ine!"

Anafika pamsasa akupuma mwa wefuwefu. Anabwezera nsapato pambali pa Dismas n'kulowa mkati.

Ola lisanathe amuna anafika, akutsata mapazi. Patsogolo panali a Whiteson, amalume ake a Eneless, amene ankayang'anira chitetezo cha pamisasa. Nsapato yakumanzere ya Dismas inali yong'ambika chidendene. Mapazi a pansi pa zenera, akale ndi atsopano, onse anali ndi chizindikiro chomwecho.

"Dismas, unali kuti masana ano?" anafunsa a Whiteson.

"Unali kuti masana ano," anatero Dismas, maso ali pa njere zake.

"Ndendende kanema uja!" anatero Everisto, amene anabwera nawo. "Ine ndinakamba kale, kaili. Anthu otere amangokhala duu, koma mkati akuphika."

"Pazenera ndi iye, pa injini ndi iye," anawonjezera wina. "Tidikire aphe munthu?"

Atamugwira mkono, Dismas anakuwa ngati mwana wamng'ono. Panafunika amuna anayi. Anamumanga chingwe m'manja ndi m'chiuno, n'kumumangirira kumtengo wa masau. Mizere ya njere zake anaiponda yonse. Eneless anaima pakhomo la msasa, akungoonerera.

Anthu atabalalika, a Whiteson anakhala pachitsa n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Amake Dismas, ndimvere. Mwana uyu ine sindimuda. Ndine ndinamuphunzitsa kugwira nkhwangwa. Koma ino si nthawi ya mtendere. Asilikali ali pamsewu paja sagona, zala zili pamfuti. Munthu amene sayankha akafunsidwa dzina amamuyesa kazitape. Lero walowa m'chipinda cha mlendo ndi lezala. Nanga mawa akalowa mumsasa wa asilikali? Ndidzakatola mtembo. Anthu pano atopa, ndipo munthu wotopa saweruza bwino. Akhoza kumuchita choipa ife titapita kumunda. Ndiye ine ndalembetsa malo amodzi pa lole ya Lachisanu. Apite ku chipatala cha odwala misala ku Lusaka. Kumeneko kuli mpanda. Mpanda sumva chisoni, koma suwombera."

"Akapita kumeneko sadzabwerako," anatero a Edna. "Mwana amene sadya ngati mbale si yake ija? Amene sadziwa kunena kuti ndili ndi ludzu?"

"Bola wamoyo kutali kusiyana ndi manda pafupi," anatero a Whiteson. Anaimirira ngati nkhalamba, n'kupita.

5. Mawu a pansi pa mtengo

Kutacha Lachitatu, Dismas anali asanadye kanthu. Chingwe chinali chitamusupula m'manja chifukwa chogwedezeka osaleka. Ana opita kusukulu anaima patali n'kumaimba mawu a Everisto aja: "A Dismas sagogoda! A Dismas sagogoda!"

Eneless anavala yunifomu, anatenga mabuku, nadutsa kuseri kwa msasa kuti asaone mtengo uja.

"Eneless," anaitana amai ake. "Khala apa."

A Edna anali pansi pa mtengo, akunyowetsa kansanza m'madzi amchere n'kumapukuta zilonda za mwana wawo. Maso awo anali otupa. Eneless anakhala chapatali, miyendo atapinda.

"Sindikufunsa kanthu," anatero amaiwo. "Ndatopa kufunsa. Ndafunsa za atate ako kwa msodzi aliyense mpaka mawu anandithera. Ndikungokuuza zimene ndinaona.

"Dzulo, amuna aja asanafike, ndinasuntha nsapato za mlongo wako kuti ndisese. Zinali zotentha. Mlongo wako anali pamthunzi kuyambira m'mawa, mapazi ake ali ozizira. Nsapato siziyenda zokha padzuwa. Nkhope sindinaione, ndinangogwira nsapato. Ndipo ine sindingaloze mwana wanga mmodzi pagulu kuti ndiwombole mnzake. Mtima woterowo Mulungu sanandipatse.

"Mwana wanga, mtima wa munthu sukhala wopanda kanthu. Mukachoka Mulungu mumalowa china. Anthu aja a m'Baibulo, atatopa kudikira m'chipululu, anavula ndolo zawo n'kuumba mwana wa ng'ombe. Sanali oipa kuposa ife. Anali otopa, ankafuna chinthu chonyezimira choti aziyang'ana. Ine sindidabwa mtsikana akakonda nyimbo. Nanenso ndinali mtsikana, ndinkavina mpaka fumbi kobo. Koma fano lili ndi khalidwe limodzi. Silidya udzu, limadya anthu. Ndipo siliyamba ndi mwini wake ayi. Limayamba ndi wofooka wa pakhomo, amene sangathe kunena kuti si ine.

"Amene anavala nsapatozo akaulula, anthu adzamuseka. Adzati mtsikana wolowa m'chipinda cha mwamuna masana. Amalume ako ndimawadziwa, sukulu akhoza kumuchotsa. Sindikunamiza kuti zidzakhala zopepuka. Akakhala chete, mayeso adzalemba, mwina adzakhala namwino, anthu adzamugwadira. Koma tsiku lililonse posamba m'manja adzaona manja awa. Ine ndatha. Pita kusukulu ngati ukupita."

Eneless anayang'ana kumsewu, kumene anzake anali kuzimiririka ndi mabuku pamutu. Belu loyamba linamveka patali.

Dismas anasiya kugwedezeka. Sanamuyang'ane, anayang'ana pansi pafupi ndi mapazi ake. Mawu ake anali osasa chifukwa cha kukuwa.

"Eneless amasule," anatero. "Eneless amasule."

Eneless anaika mabuku pansi. Anapita kuseri kwa msasa n'kuyamba kukumba ndi manja.

6. Chitini chitsegulidwa

Pakhonde la sitolo panali amuna angapo. A Whiteson anali pamenepo, Everisto analipo, ndipo Langford anakhala pabokosi, ataweramira kapu ya tiyi. Eneless anafika n'kugwada patsogolo pa amalume ake. Anatsegula chitini n'kutulutsa zinthu chimodzichimodzi: chipeso, waya, mpango, ndi kachidutswa kofiira.

"Amalume, mapazi aja ndi anga. Ndinkavala nsapato za a Dismas chifukwa cha mchenga. Lezala ndi langa, losongolera pensulo. A Dismas sanachoke pamthunzi."



"Awe, mwana uyu afuna chabe kuwombola mlongo wake," anatero Everisto. "Mtsikana wa kwaya? Si mmene zimakhalira. M'kanema muja..."

"Iwe, tseka pakamwa," anatero a Whiteson.

Anatola kachidutswa kaja n'kupatsa Langford. Woimbayo anakalumikiza pansonga ya kansalu kake. Kanakwana bwino lomwe.

Langford anayang'ana Eneless. Aka kanali koyamba kuti amuyang'ane.

"Ndiwe mwana wa ndani?" anafunsa.

 Ali pafupi chonchi, m'maso muli gwa, Eneless anaona imvi m'mutu mwa woimbayo ndi maso ofiira. Langford anamasula kansalu kaja. Pakhosi pake panali chipsera chachitali cha opaleshoni.

"Ichi n'chimene ndimabisa," anatero. "Mwana iwe, munthu amene umamumva pa wayilesi ine sindimudziwa. Ine ndine tate wa ana anayi, ndili ndi chifuwa chosatha, ndipo ndikufuna kupita kwathu. Milungu iwiri ino sindinagone bwino. Ndikadzuka ndimapeza chinthu chasowa, mapazi ali pazenera. Dzulo ndadzuka lezala lili pafupi ndi khosi. Iwe umati ukundikonda. Ine ndinkamva ngati nyama imene alenje akuizungulira. Ukanabwera pakhomo masana ndi amai ako n'kupempha, kansalu aka ndikanakupatsa konse, ndiponso ndikanakuimbira nyimbo. Kukonda munthu mobisalira, iye osadziwa, osavomera, si kukonda. Ndi kusaka."

Anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anatembenukira kwa Everisto.

"Ndipo iwe wa ndodo. Mzungu wa m'kanema uja anali ndi dzina lake. Unamupatsiranji la mwana wa eni? Nanenso ndinapusa, ndinaona mnyamata akugwedezeka, ndinati ndi yemweyo."

"Zinali zoseka chabe, bwana," anatero Everisto, akukanda kumutu.

"Tiye ukaone manja a Dismas, ukaseke bwino," anatero a Whiteson.

Everisto sanapite. Amene anapita ndi a Whiteson okha, Eneless akutsata pambuyo. Nkhani inali itawatsogolera kale. Azimai a pachitsime anasiya kutunga n'kumamuyang'ana. Wina anaseka, wina analavula malovu pansi. Eneless sanathamange, ndipo sanabise nkhope.

Pamtengo paja a Whiteson anamasula mfundo ndi manja awo, pang'onopang'ono kuti asakhudze zilonda. Chingwe chitagwa, Dismas sanaimirire. Eneless anatambasula dzanja kuti amugwire phewa, koma iye anasunthira kumbali n'kumufulatira.

"Ndakulakwirani, a Dismas," anatero Eneless.

Dismas sanabwereze mawu amenewo. Analandira chikho cha madzi kwa amai ake, namwa mpaka kutha.

7. Malo amodzi pa lole

Dzuwa litafika pamutu, a Whiteson anaitana a Edna ndi Eneless pakhomo la msasa. Chingwe chinali chikadali m'manja mwawo, atachikulunga.

"Ine ndachimwa, ndipo ndikaulula kwa abambo ansembe Loweruka," anatero. "Ndinamanga munthu wosalakwa chifukwa cha chithunzi cha pansalu. Dismas sapita kulikonse. Koma iwe Eneless, tamvera. Waulula, wachita bwino. Koma unadikira usiku wathunthu mlongo wako ali pachingwe. Ndipo unalowa m'chipinda cha mwamuna, tsopano aliyense akudziwa. Pano pali asilikali, pali madalaivala, pali anyamata osowa chochita. Mtsikana amene dzina lake lamveka chonchi, aliyense amayesa kuti chitseko chake n'chosakhoma. Atate ako kulibe. Ine sindingathe kukulondera pamodzi ndi misasa yonseyi. Malo aja ndinalembetsa pa lole akadalipo. Upita ndiwe, kwa azakhali ako ku Lusaka. Ukawathandize kugulitsa pamsika."

"Nanga mayeso, amalume?" anafunsa Eneless. "Atsala milungu inayi."

"Mayeso unayenera kuwaganizira usanatenge lezala."

"Mlongo wanga," anatero a Edna, "mwanayu waulula yekha, palibe amene anamugwira. Ngati mphoto ya choona ndi imeneyi, mawa mwana uti adzanene choona pamisasa pano?"

"Pali mawa lonse. Tidzakambirana," anatero a Whiteson motopa.

Koma mawa lija panalibe. Dismas anadzutsa mutu n'kutchera khutu kum'mwera.

"Malole," anatero.

Patapita kamphindi onse anamva. Fumbi linakwera pamwamba pa mitengo ya masau, ndipo magalimoto anayamba kuima pasitolo ya a Jorge, imodzi pambuyo pa inzake. Msilikali wina anadutsa m'misasa akufuula kuti tsiku lasintha, onse olembetsa akwere, anyamuka ola lisanathe kuti adutse mapiri kusanade.

A Whiteson anatembenukira kwa Eneless. "Kamange katundu wako."

Eneless anaimirira. Koma amai ake anali ataimirira kale. A Edna, amene chibadwire anali asanatsutsepo mlongo wawo pamaso pa ana, anapita kukaima pakhomo la msasa, dzanja lina pansanamira iyi, lina pa iyo.

"Mwana woyamba munandimangira ine ndili chete," anatero. "Chingwe muli nacho m'manja. Wachiwiriyu asanakwere lole, muyambe mwamanga ine."